Ng'oma ya Bambo M'buti

Galimoto yanga silira. Ndiyambe ndi kuulula zimenezo, chifukwa zonse zimene zinandigwera pa ulendo uwu zinachokera pamenepo. Ndi kagalimoto koyendera magetsi, kakale ndithu, kochokera ku Japan, ndipo ndinakagula nthawi ija mafuta ankasowa, anthu akuswera pamizere. Miyezi yoyambirira ndinkadutsa pamizereyo pang'onopang'ono, zenera lili pansi, kuti anzanga a ku ofesi andione. Koma tsiku limene ndinapita nako kwathu, kumudzi wa kuseri kwa Mtakataka, ndinachita manyazi amene mpaka lero sanandichoke. Ndinalowa pabwalo, ndinaima pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe amene anatuluka. Mbuzi imene inagona panjira sinadzuke n'komwe, ndinachita kuilambalala. Patapita nthawi mlongo wanga Marita anatuluka ndi lichero m'manja, n'kudzidzimuka.

"Achimwene, mwafika liti? Mwachita kuikankha?"

Madzulo omwewo mwamuna wake anabwera pa njinga yamoto yothothoka ekizosi, ndipo ana a mudzi wonse anamuthamangira akukuwa. Ine mwini galimoto ndinali pakhonde ndikuswa mtedza.

Kuyambira pamenepo ndinkalakalaka sabuwufa, chibokosi chija anyamata amaika kubuti kuti galimoto izigunda ngati akusinja mumtondo. Mkazi wanga Agnesi ankangoti, "Bambo a Tadala, imvi zonsezo mukufuna muziyenda nazo ndi phokoso?" Nkhani inkathera pomwepo.

Chifukwa chomveka chinadzabwera chokha, ndipo chinali chowawa. Amayi anatisiya chaka chatha. Bambo anga, a Filipo, kwawo ndi ku Tsangano, kumapiri a Ntcheu. Ku Mtakataka anabwera ali mnyamata kudzakhala chikamwini, ndipo anakhala pamudzi wa akazi awo zaka zoposa makumi anayi. Zaka zonsezo ankaimba ng'oma m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, amayi akutsogolera nyimbo. Kenako makutu anayamba kufa, ili lero, linzake mawa, mpaka tinayamba kulankhula nawo ndi manja. Akuchikazi atakonza mwambo wosudzula, womasula bambo kuti akhoza kubwerera kwawo, tonse tinkayesa ungokhala mwambo chabe, nkhalamba ikhalabe pakhomo pake. Koma bambo anati apita. Anauza Marita kuti, "Pano ndinkakhalira mawu a amayi ako. Tsopano ngakhale tambala sindimumva." Ana a mlongo wawo anati abwera ndi lole, ndipo Loweruka wani koloko anyamuka nawo, chifukwa msewu wa kwawo sufuna mdima. Kagalimoto kanga kumeneko sikangafike, mimba yake ndi yotsika ndiponso kulibe poti n'kukatchaja.

Sabata imodzi Lowerukalo lisanafike, Marita anandiimbira foni. Anati ali ndi bambo pamsika wa Mtakataka panadutsa lole yotsatsa malonda, ya masipika akuluakulu. Bambo anaima chilili, n'kuika dzanja pachifuwa, n'kufunsa kuti, "Akuimba ng'oma kuti?" Marita ankasimba akuseka, koma ine ndinakumbukira kanthu kena. Ndinali ndi nyimbo imodzi ya kwaya ija, imene mphunzitsi wina anajambula pa kaseti pa chikondwerero cha ku Mua ine ndili mwana wasukulu. Ndinaisamutsira pa fulashi kalekale. Muli ng'oma ya bambo ndi mawu a amayi.

Ndinauza Agnesi kuti sabuwufa ndi ya bambo, kuti adzimve komaliza asanachoke pamudzipo.

"Ya bambo theka, yanu theka," anatero. "Pitani."

Sanalakwitse kugawa kwake.

Mmisiri wa zoimbira amene anzanga anandilozera anali Saidi, wa ku Malangalanga, mu Lilongwe momwemo. Tinapangana Lachinayi. Lachinayi anali kumaliro. Lachisanu m'mawa ndinamupeza akumwa tiyi pa benchi, ndipo anandiyang'ana ngati pangano lathu linali la chaka china. Anazungulira galimoto kawiri, n'kuika khutu pa boneti.

"Bigi, ili oni kapena ofu?"

"Ili oni."

"Koma ziliko," anatero akupukusa mutu.

Ntchito yokha ankaidziwa. Atatsegula boneti anandionetsa mawaya onenepa a mtundu wa lalanje n'kunena kuti amenewo sakhudza, chifukwa ali ndi ana ang'onoang'ono. Chimene ankafuna ndi kabatire kakang'ono ka pakona, kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse. Anamangapo waya wofiira wonenepa ngati chala, n'kumudutsitsa pansi pa kapeti mpaka kubuti. Ampulifaya anaikhomera kuseri kwa mpando, ndipo chibokosicho tinachita kunyamula anthu atatu. Chinadzaza buti yonse, moti shuga ndi zitenje zimene ndinagulira azakhali akumudzi zinasamukira kumpando wakumbuyo.

Ntchito ya maola awiri inatha thu koloko itadutsa. Pakati pake Saidi anapita kukasaka fyuzi, anadzera kumzikiti popeza linali Lachisanu, ndipo anabwera ndi fyuzi yolakwika. Koma atayatsa ndinamukhululukira zonse. Galasi loonera kumbuyo linanjenjemera mpaka nkhope yanga inaoneka itatu. Mayi wogulitsa nthochi tsidya la msewu anatembenuka. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chigulire galimotoyi.

Nthawi imeneyo Saidi ankakuwa m'khutu mwanga.

"Bigi, mumve bwino apa! Musamaimbe galimoto ili yozima. Chibatire chachikulu chapansicho chimadyetsa kakang'onoka pokhapokha kanyali kobiriwira aka kakayaka. Kakang'onoka kakafa, chachikulucho sichidzuka, olo chikhale chokhuta!"

"Eya, eya," ndinatero, maso ali kwa mayi wa nthochi uja kuona ngati akuyang'anabe.

Ulendo wa kwathu, umene minibasi imayenda maola atatu, ine ndimauyenda masiku awiri. Ndimagona pa Dedza kuti galimoto idye magetsi usiku, m'mawa n'kutsetsereka. Pa dashibodi pali nambala yonena makilomita otsala m'batire, ndipo ine ndinaipatsa dzina loti Mlosi. Potuluka m'tauni Mlosi anati 120. Ku Dedza ndi makilomita osafika 90, choncho ndikanayenda mwaulemu ndikanafika bwinobwino.

Koma phazi la munthu limatsata ng'oma. Kuchokera pa Nanjiri ndinkapitirira malole ngati akundithamangitsa, mazenera onse ali pansi. Pa Nathenje ndinachepetsa liwiro dala n'kukweza voliyumu, ndipo anyamata a kabaza anandiimbira likhweru. Fulashi ya bambo inali phee m'thumba la malaya. Zimene zinkagunda zinali nyimbo za ana a masiku ano zimene Saidi anandiikira kuti n'zoyesera, zomwe mawu ake sindingayerekeze kuwabwereza pamaso pa Agnesi.

Pa Kamphata ndinayang'ana Mlosi. Ndinali nditayenda theka la njira, koma iye anali atatsala ndi 50, ndipo kutsogolo kunali zitunda zokhazokha. Ndinazimitsa nyimbo, ndinatseka mazenera, ndinazimitsa ngakhale kafani. Ndinayamba kuyenda liwiro la galimoto ya maliro. Malole onse amene ndinawapitirira aja anandipitirira imodziimodzi, madalaivala akusuzumira kuti aone nkhope ya munthu wake. Kondakitala wina wa minibasi anatulutsa mutu pazenera.

"Madala, tsikani muibereke!"

Pa Chimbiya fungo la kanyenya linalowa ngakhale mazenera anali otseka, koma sindinaime, kuopa kuti ikaima iganiza zambiri. Pachitunda chomaliza cholowera mu Dedza panayaka kanyali kachikasu kojambulidwa kamba. Amene anapanga galimotoyi ndi anthu achipongwe: mphamvu zikatsala pang'ono kutha amakuonetsa kamba, ndipo galimoto imayendadi ngati kamba. Bambo wina wokankha njinga ya nkhuni anayenda nane limodzi kamtunda ndithu, ndipo tinapatsana moni.

Malo ogona alendo amene ndimafikira ali kuseri kwa siteji ya minibasi. Woyang'anira wake, a Gama, amandidziwa, ndipo amanditulutsira ekisitenshoni pazenera la chipinda. Ndinalumikiza, tinyali totchaja tinayamba kuphethira, ndipo ndinapumira m'mwamba. Sipanathe mphindi khumi, magetsi anazima tauni yonse.

"Abwera," anatero a Gama. "Amabwera ndithu."

Sananene kuti liti.

Kudikira magetsi pa Dedza ndi ntchito yozizira. Ndinakhala m'galimoto, ndinatuluka, ndinawerenga malamulo a pakhoma la a Gama kawiri konse. Pageti panali mayi wina wamtali, wovala majuzi awiri, atakhalira matumba atatu a mbatata ya kachewere. Anati ndi Nachisale, amagulitsa pa Golomoti, ndipo galimoto zotsetsereka zamuthera. Atamva kuti mawa ndikudzera komweko anandipempha kuti ndidzamutenge. Ndinamufotokozera mwa uphunzitsi kuti galimoto yamagetsi sifuna katundu wolemera.

"Galimoto yodana ndi mbatata sindinaionepo," anatero, n'kupita kukagona kwa achibale ake, matumba atasungitsa kwa a Gama.

Anthu a pa siteji anayamba kubwera kudzaona galimoto yoyamwa pazenera. Ankafunsa kuti mafuta amalowera pati, ndipo ine ndinkayankha modekha ngati dokotala. Kenako wina anasuzumira kubuti.

"Chibokosi ichi chimalira, bwana?"

Funso limeneli ndinalidikira chaka chathunthu. Ndipo apa mpamene ndinachenjera mopusa. Ndinaganiza kuti chibatire chachikulu chili kale pa kamba, ndiye ndisachivutitse; ndinazimitsa kanyali kobiriwira kaja n'kuyatsa wailesi yokha. Tauni inali zii chifukwa cha magetsi, choncho kugunda kwanga kunafika mpaka kumsika. Anthu anabwera. Anayamba kuvina kuti afunde, wophika wa a Gama anatuluka mthiko uli m'manja, ndipo mkulu wina wa jekete lachikopa anandigwira chanza n'kunditcha bwana DJ. Kwa maola awiri ndinali munthu wofunika kwambiri mu Dedza. Chakumadzulo nyimbo inayamba kutsamwa ngati munthu wa chifuwa, ndipo ndinauza anthu kuti yatopa. Ndinakhoma galimoto, chingwe chili cholumikiza, n'kukagona ndi mtima wa munthu amene wachita zazikulu.

M'mawa ndinadzutsidwa ndi babu la m'chipinda. Magetsi anali atabwera kalekale. Ndinatuluka ndikuimba likhweru, ndinadina rimoti, galimoto sinayankhe. Ndinatsegula ndi kiyi wachitsulo n'kudina batani loyatsira. Dashibodi inali bii. Mlosi kunalibe, kamba kunalibe. Usiku wonse chingwe chinali pakamwa koma galimoto sinameze kanthu.

Anthu a pa siteji aja anabweranso, ndipo anagwirizana msanga za mankhwala ake.

"Tiikankhe, ilira."

Ndinayesa kunena kuti iyi siyendera zimenezo, koma ndinanena motsitsa, ndipo iwo anali asanu ndi atatu. Kunena zoona, ndinali ndi kachiyembekezo kuti mwina akudziwa chimene ine sindikudziwa. Ndinakhala pa chiwongolero.

"Ikani sekondi!"

"Ilibe sekondi!"

"Pondani kilachi!"

"Ilibe kilachi!"

Anakankha mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma matayala anali okhoma ndipo galimoto sinasunthe ngakhale phazi limodzi. Mkulu wa jekete lachikopa uja anaterereka n'kugwada m'fumbi. Atadzuka anadzisasa, ndipo za bwana DJ zinali zitaiwalika.

"Iyi si galimoto," anatero. "Iyi ndi filiji."

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali Marita.

"Achimwene, muli pati? A ku Tsangano afika dzulo. Akuluakulu akhala kale pansi, ndipo bambo katundu amanga."

"Ndili pafupi," ndinatero.

Nditadula ndinachita mantha enieni. Ndikanatha kukwera minibasi n'kufika nthawi yabwino, koma ndikanafika ndi fulashi m'thumba, popanda chibokosi, ndipo bambo akanangoiyang'ana ngati kachidutswa ka pulasitiki. Chinthu chimodzi chokha chimene ndinati ndiwachitire ndinali nditachivinitsa anthu osawadziwa. Ndinadzida kwambiri m'mawa umenewo.

Ndinaimbira Saidi.

"Munaimba ili yozima," anatero ndisanamalize moni.

"Pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Maola awiri."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atamaliza anati ndipeze batire iliyonse, ngakhale ya njinga yamoto, ndigunditse pa kakang'ono kaja. Tinaitana wa kabaza, a Gama anadula mawaya awiri pa ayironi yakufa, ndipo titangogunditsa dashibodi inayaka ngati palibe chinachitika. Wa kabazayo anazungulira siteji yonse akulengeza kuti kanjinga kake kadzutsa galimoto ya bwana.

Tinayamba kutchaja hafu seveni. Soketi ya m'nyumba imadyetsa ngati mwana wodwala, kasupuni kasupuni. Ndinakhala pa njerwa ndikuyang'ana wotchi ndi Mlosi mosinthanasinthana. Teni koloko itadutsa Mlosi anali pa 34, pamene kwathu kunali makilomita pafupifupi 70. Ndinaimbiranso Saidi.

"Mukudzera ku Khwekhwerere, kuphiri lotsetserekera ku Golomoti?" anafunsa. "Ndiye nyamukani. Kasitomala wanga wina ali ndi yonga yanuyo, akuti potsika phiri imadzidyetsa yokha ikakhala ndi njala. Ndipo ikalemedwa m'pamene imadya bwino. Ikani katundu."

Ine ndinali ndisanazionepo zimenezo, chifukwa masiku onse ndinkatsika phirilo batire ili yokhuta. Nditatembenuka ndinapeza Nachisale akukoka kale thumba loyamba.

"Dzulo mbatata zanga zinali zolemera," anatero osandiyang'ana.

Matumba atatu aja anakhala kumpando wakumbuyo pamwamba pa zitenje za azakhali, mwini wake anakhala kutsogolo, ndipo tinanyamuka. Kuchokera pa Dedza mpaka pa Masasa, pamene msewu wa ku Golomoti umapatukira, Mlosi ankangochotsera. Tinakhota ali pa 15. Ndinkayembekeza kuti tiyamba kutsika pomwepo, koma msewu unayamba wakwera kaye, kutsika pang'ono, kukweranso. Anafika pa 9. Ndinayamba kukonza m'mutu mawu amene ndikamuuze Saidi tikadzakumana.

Kenako dziko linatseguka pansi pathu ndipo msewu unayamba kupindika. Ndinachotsa phazi, galimoto inayamba kudzigwira yokha, ikulira kamluzu kakang'ono pansi. Nachisale anatulutsa korona. Pa kona yachitatu Mlosi anati 11. Pa yachisanu anati 14. Mayiyo anasiya kupemphera n'kuyamba kuwerenga nane.

"Sikisitini! Achimwene, ndiye kuti ikudya phirili?"

"Ikudya mbatata zanu," ndinatero, ndipo kanali koyamba kuseka tsiku limenelo.

Mantha atamuchoka anati ndimuikire nyimbo za dzulo zija, popeza anazimvera patali. Ndinakana. Ndinali ndi galimoto yaphokoso kuposa zonse pamsewu umenewo, ndipo ndinkaopa kukhudza batani lililonse. Anandinena kuti ndine woumira, choncho ndinamuuza nkhani yonse, ya amayi, ya makutu a bambo, ya lole ya wani koloko. Titapinda makona awiri anandifunsa:

"A Filipo a ng'oma aja? Akazi awo oyera, a mpata m'mano?"

"Omwewo."

"Anatiimbira pa ukwati wa mkulu wanga ku Mua. Mayi aja anali ndi kachipongwe. Nyimbo ikafika poti alowe, ankachedwa dala, kuti aone ngati bambowo awadikira. Ndipo ankadikiradi, ng'oma ikungozungulira pamodzimodzi, tchalitchi chonse chikumwetulira." Anabweza korona m'thumba. "Ndiye inu dzulo mumavinitsa zidakwa?"



Tinafika pa Golomoti Mlosi ali pa 40, kutentha kwa kuchigwa kutatilandira ngati tatsegula uvuni. Nachisale sanalole kuti nditsike. Anakuwira anyamata awiri, matumba anatuluka, ndipo anasiya kamulu ka mbatata pampando.

"Izi n'za nkhalamba. Thamangani, koma mwa kamba wanu uja."

Inali kota pasiti thwelofu. Msewu wa kuchigwa ndi wosalala, koma ndinadziwa kuti 40 ya Mlosi inali ya munthu woledzera ndi phiri. Inayamba kusungunuka nthawi yomweyo. Ndinadutsa mphambano ya ku Mua malaya atanyowa, fani ndisakuiyatsa. Pa Mtakataka anthu a pamsika sanatembenuke n'komwe. Pokhotera mumsewu wafumbi wa kwathu, kamba anayakanso, ndipo ndinamulankhula mokweza ngati m'bale wanga kuti apirire.

Ndinalowa pabwalo mwakachetechete monga mwa masiku onse. Palibe anandimva. Lole inali itayang'ana kale kumsewu, njinga ya bambo, mphasa ndi sutikesi zili pamwamba. Mwambo unali utatha, anthu akusamba m'manja. Bambo anali pampando pafupi ndi lole, atavala jekete la ku tchalitchi ndi chipewa, ngati munthu wodikira basi. Ng'oma yawo yaikulu ija inali pakhonde yokha.

"Akana kuitenga," Marita anandinong'oneza. "Akuti ng'oma ndi ya anthu a makutu."

Bambo atandiona anakweza mawu monga amachitira anthu osamva.

"Dominiko! Wachedwa!"

Ndinagwada, ndinawagwira dzanja, n'kuwalozera galimoto. Msuweni wanga Bonifasi, mwini lole, anandionetsa wotchi.

"Asuweni, dzuwa likupita."

"Mphindi zisanu zokha."

Ndinatsegula buti n'kuwakhazika bambo pamphepete, msana utatsamira chibokosi. Ankandiyang'ana ngati ndapenga, ndipo anthu anayamba kusonkhana. Ndinapita kutsogolo, ndinayang'ana kanyali kobiriwira katatu konse, ndinazula fulashi ya Saidi n'kulowetsa ya m'thumba la malaya.

Poyamba panamveka mphepo ya kaseti yakale ndi munthu wina akutsokomola m'tchalitchi. Kenako ng'oma inalowa. Galimoto yonse inagwedezeka, nkhuku zinabalalika.

Bambo anadzidzimuka n'kufuna kudzuka. Kenako anabwerera pang'onopang'ono, n'kukanikiza msana pa bokosi. Anavula chipewa. Dzanja lawo lamanja linayamba kugunda pa bondo, poyamba mokayika, kenako ndendende.

"Uyu ndine," anatero mokweza, osauza aliyense. Anamvetseranso ndi msana wawo. "Akuthamanga mnyamata ameneyu. Koma ndine."

Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso. Ine ndinali ndi nkhawa ina. Chibokosi chija chimanyamula kugunda kokha. Mawu a amayi amatulukira m'masipika ang'onoang'ono a m'zitseko, ndipo amenewo sakanawafika bambo ngakhale ndikanakweza chotani. Ndinali nditawabweretsera theka la nyimbo, ndipo ndinazindikira zimenezo nyimbo ili kale pakati.

Ng'oma inafika pamalo paja n'kuyamba kuzungulira pamodzimodzi. Bambo anakweza chala chimodzi m'mwamba. Anadikira. Inazungulira kachiwiri, iwo chala chili m'mwamba, akumwetulira chammbali. Inazungulira kachitatu. Ndiye anatsitsa chala n'kutsegula pakamwa, ndipo pa kamphindi komweko mawu a amayi anatuluka m'zitseko: "Musatseke chitseko, mwana ali m'njira." Bambo anaimba nawo mzere womwewo, mawu awo ali okhota, okwera kuposa muyeso, koma sanatsogole ndipo sanatsalire.

Marita anakhala pansi pomwe anaimapo. Azakhali anayamba kuyankha nyimboyo, amayi ena n'kulowa, mpaka bwalo lonse linali kwaya. Ine ndinalira nditagwira chitseko cha galimoto, ndipo sindinabise.

Itatha, bambo anazungulitsa chala kuti ndibwereze. Tinaibwereza katatu. Bonifasi sanayang'anenso wotchi. Pomaliza bambo anadzuka, anavala chipewa, n'kuloza pakhonde.

"Marita, tenga ng'oma ija. Ikafunika kuiwamba, kumapiri kumazizira."

Galimoto yanga inagona pansi pa mango masiku awiri, chifukwa kamba anakana kukwera kachitunda kotulukira kumsewu. Lolemba inakokedwa ndi ng'ombe za alamu anga mpaka pachigayo cha pa Mtakataka, kumene inakadya magetsi, ndipo tsiku limenelo ana a mudzi wonse anaithamangira akukuwa, monga ndinkafunira kuyambira kale.

Koma Loweruka lija, lole isananyamuke, bambo atakhala kutsogolo ng'oma ili pakati pa miyendo, anandikodola. Anatulutsa dzanja pazenera n'kundigwira paphewa.

"Galimoto yako ndi yabwino, Dominiko," anakuwa. "Imamveka."

Chigulire galimoto imeneyi, palibe munthu wina anandiuzapo mawu amenewo.